Artemisia ndi mankhwala a malungo

Artemisia annua ndi chitsamba cha masamba ang'onoang'ono, onunkhira komanso owawa, chimene chimamera ndi kufa m'chaka chimodzi ndipo chimatha kutalika mamita awiri. Kwawo n'ku Asia, makamaka ku China kumene amachitcha qinghao, koma masiku ano chimalimidwanso ku Kenya, Tanzania, Uganda ndi Madagascar. M'masamba ake muli mankhwala otchedwa artemisinin, amene ndiwo gwero la mankhwala a malungo odalirika kwambiri padziko lonse, kuphatikizapo LA wa m'zipatala za ku Malawi. N'chifukwa chake chitsambachi chimatchulidwa kawirikawiri pophunzitsa anthu kusiyana kwa zitsamba ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku zitsambazo.

Ntchito yofufuza mankhwala atsopano a malungo inayamba pa 23 May 1967, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati, asilikali akutha ndi malungo amene sankamvanso chloroquine. Boma la China linakhazikitsa kafukufuku wachinsinsi wotchedwa Project 523, ndipo mu 1969 katswiri wina wamkazi, Tu Youyou, anapatsidwa gulu loti alitsogolere. Iye ndi anzake anasanthula mabuku akale a asing'anga a dzikolo n'kuyesa zitsamba zambirimbiri. Qinghao ankaoneka ngati wothandiza lero, mawa ayi. Chinawatsegula maso ndi buku la Ge Hong la m'zaka za m'ma 300, limene linkalangiza kuviika masambawo m'madzi ndi kuwafinya, osatchula zowiritsa. Tu anaganiza kuti moto ndiwo unkaononga mphamvu ya chitsambacho. Mu 1971 anasungunula masambawo mu ether popanda kutenthetsa kwambiri, ndipo zimene anapeza zinapha tizirombo tonse ta malungo mu mbewa zoyeserapo. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel.

Artemisinin ndi wachangu: amapha tizirombo tambiri m'magazi m'maola ochepa, koma sakhalitsa m'thupi. Akangotha, tizirombo totsala timayambanso kuswana. Ichi n'chifukwa chake madokotala samupereka yekha pa malungo wamba. Mu LA muli mankhwala awiri, artemether wochokera ku artemisinin, ndi lumefantrine amene amakhala m'magazi masiku angapo n'kumaliza totsalato. Dziko la Malawi linafika pa LA litadutsa m'mavuto. Mu 1993 linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene ambiri ankamudziwa kuti Fansidar. Nayenso tizirombo tinamupima, ndipo mu 2007 boma linasinthira ku LA.

Poona kuti LA kholo lake ndi chitsamba, anthu ena amadzala Artemisia pakhomo n'kumamwa ngati tiyi akamva malungo. Maganizowo ndi omveka ndithu, koma ali ndi vuto lalikulu, ndipo vutolo ndi mlingo. Kuchuluka kwa artemisinin m'masamba kumasiyana malinga ndi mbewu, nthaka, nthawi yothyola, kayanikidwe ndi kasungidwe. Masamba a munda uno akhoza kukhala ndi mphamvu, a munda woyandikana nawo n'kukhala opanda kanthu kwenikweni, ndipo diso silingasiyanitse. Komanso artemisinin sasungunuka bwino m'madzi. Womwa tiyiyu amatha kupeza bwino masiku awiri kapena atatu, thupi n'kuzizira, mutu n'kuleka, koma tizirombo tikadali m'magazi. Matendawo akabwerera, mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera amafika kuchipatala magazi atachepa kale. Chinanso, tizirombo timene takumana ndi mankhwala ochepa osatipha ndi timene timapeza mpata wopima. Ku Cambodia tizirombo topima artemisinin tinadziwika cha m'ma 2008, ndipo kuyambira 2020 zizindikiro zofanana zapezeka ku Rwanda ndi Uganda. Bungwe la WHO linanena mu 2012, n'kubwerezanso mu 2019, kuti silivomereza tiyi, ufa kapena makapisozi a masamba a Artemisia pochiza kapena popewa malungo.

Palinso chitsamba china cha mtundu womwewu, Artemisia afra, chimene chimamera chokha kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo ku South Africa amachitcha umhlonyane. Anthu akhala akuchigwiritsa ntchito pa chimfine ndi chifuwa, koma artemisinin mulibemo woti n'kuchiza malungo. Mu April 2020 pulezidenti wa Madagascar, Andry Rajoelina, analengeza chakumwa cha Artemisia chotchedwa Covid-Organics ngati mankhwala a Covid-19 chisanayesedwe mokwanira, ndipo nkhaniyo inakweza malonda a masambawa m'maiko ambiri.

Ku Malawi, ntchito yophunzitsa zonsezi kumudzi imagwera makamaka alangizi a zaumoyo, amene ena mwa iwo amayendetsa zipatala za m'midzi za ana osakwana zaka zisanu m'madera akutali. Phunziro loyamba ndi loti si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, choncho munthu ayambe wayezetsa magazi a pachala. Akapezeka nawo, LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: koyamba nthawi yomweyo, kachiwiri pakatha maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira. Mapiritsi amawerengedwa potengera sikelo. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa limodzi nthawi iliyonse, pamene wolemera makilogalamu 35 kapena kuposa amamwa anayi, onse pamodzi 24. Lumefantrine amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi mafuta, n'chifukwa chake amalangiza kumwera mkaka, kuyamwitsa mwana, kapena kudya phala lotendera.

Chovuta kwambiri kuphunzitsa ndi kumaliza mankhwala. Wodwala akadzuka tsiku lachiwiri, mapiritsi otsala amasomekedwa kudenga kuti adzathandize wina wodwala mawa. Apa LA amasanduka chimodzimodzi tiyi uja: mlingo wosakwanira. Alangizi amakumbutsanso kuti womwa zitsamba asabise kwa dokotala kapena namwino, chifukwa zitsamba zina zimasokoneza mankhwala a kuchipatala, monga ma ARV ndi a BP. Mlangizi wanzeru sanyoza asing'anga pamsonkhano, pakuti anthu omwewo akabalalika amakagogoda kwa sing'angayo. Chimene amapempha n'chakuti mwana wokomoka, wa linjirinjiri, wosanza chilichonse kapena wolephera kuyamwa asachedwetsedwe ndi zitsamba. Malungo oterewa amafuna jekeseni wa artesunate, amenenso amachokera ku chitsamba chomwechi.