Koleji ya Pafupi ndi Kwao: Mbiri ya Joliet

Acinyamata anzanga, tisaganize kuti ku America aliyense amayambira pa yunivesite yaikulu. Ophunzira mamiliyoni amayambira m'makoleji a zaka ziwiri a m'matauni ao.

Makoleji a boma otere anayambira m'tauni ya Joliet, m'cigawo ca Illinois, mu 1901. J. Stanley Brown, mkulu wa sekondale ya kumeneko, anagwirizana ndi William Rainey Harper, Mkristu wa Baptist amene anali kutsogolera Yunivesite ya Chicago. Anafuna kuti mwana womaliza sekondale apitirize maphunziro akugona kwao ndi kudya za pa nyumba ya makolo. Anayamba ndi ophunzira 6 cabe.

Mu 1947 bungwe limene Pulezidenti Truman anakhazikitsa linalangiza kuti makoleji otere afalikire m'dziko lonse, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anatsegulidwa mazanamazana. Mtengo unakhalabe wotsika: mu 2023 ndalama za sukulu zinali pafupifupi madola 4,000 pa caka, pamene mayunivesite a boma anali kulipitsa kuposa madola 10,000.

Koma kulowa si kumaliza ai. Mwa ophunzira 10 olowa, pafupifupi 8 amafuna digiri ya zaka zinai, koma oipeza m'zaka 6 safika ngakhale awiri. Ambiri amagwira nchito usana, ena akulera ana, ndipo ena akasamukira ku yunivesite amauzidwa kubwerezanso maphunziro amene anakhoza kale.

Iwe amene ukusankha koleji, usafunse za mtengo wokha. Funsanso kuti mwa amene analowa, anamaliza ndi angati.