Kuchoka pa mphini kufika pa 54747

Kale ku Ntcheu, mwana akamalira usiku ndi usiku chifukwa cha kuphwanya kwa mafupa kapena mutu wosasiya, agogo ankathamangira kwa sing'anga. Lumo linkatuluka, mphini n'kutemedwa pamalo popwetekapo, kenako n'kupakapo mankhwala akuda. Akuluakulu ena ku Tsangano ndi ku Kasinje akadali nazo zipsera za mphinizo pachipumi ndi m'mawondo.

Nawonso achipatala anachedwa kuuganizira ululu wa ana. Gulu la Umodzi, losamalira ana odwala matenda okhalitsa monga khansa, linayamba mu 2002 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa mayi wa ku Bilila, kumeneko kunali kutali zedi.

Foni ndiyo inafupikitsa mtunda. Mu 2011 bungwe la VillageReach linayambitsa Chipatala Cha Pa Foni m'boma loyandikana la Balaka, poyamba cha amayi ndi ana, ndipo chinafalikira ku Ntcheu mpaka dziko lonse. Kholo linkaimba 54747 kwaulere pa Airtel n'kulongosola mmene mwana akudyera, akugonera ndi kulirira.

Koma mankhwala oletsa ululu a morphine sadutsa m'foni. Mwana wa ululu waukulu amaberekedwabe kumsana mpaka kuchipatala cha boma.