Liwu la Chingerezi "grade": matanthauzo ake ndi mawu ofanana nalo

Mlimi wa m'malire amakumana ndi Chingerezi ngakhale sanachiphunzire kusukulu. Chimabwera pa thumba la feteleza wogula ku Dedza kapena ku Chipata, pa chigubu cha oyilo wa njinga yamoto, pa kapepala ka wogula mbewu, ndiponso pa satifiketi ya mwana amene amaphunzira tsidya linalo. Liwu limodzi lopezeka pa zonsezi ndi "grade", lomwe ambiri timalitchula kuti giredi. Lili ndi matanthauzo angapo, ndipo kwa ife kuno ku Mozambique pali msampha wina: m'Chipwitikizi mulinso liwu lolembedwa chimodzimodzi koma lonena zinthu zina.

Kumene liwuli linachokera

"Grade" wa Chingerezi anachokera ku liwu la Chilatini lakuti "gradus", kutanthauza sitepe, ngati ya pa makwerero. Liwu la Chipwitikizi lakuti "grau" linachokeranso komweko. Matanthauzo onse ali m'munsimu ndi nthambi za ganizo limodzi lomweli: zinthu zandandalikidwa, ndipo giredi ndi malo a chinthu chimodzi pamndandandapo. Choncho mukaliona liwuli, dzifunseni mafunso awiri. Makwerero amenewa akuyeza chiyani? Nanga pamwamba pake ndi pati, pa nambala yaying'ono kapena pa yayikulu?

1. Giredi ya zokolola

Tanthauzo limeneli ndi lomwe limakhudza thumba la mlimi. Apa "grade" ndi gulu limene mbewu yaikidwamo potengera ubwino wake, ndipo gulu lililonse lili ndi mtengo wake. Mawu a Chingerezi ofanana nalo ndi "class", "quality" ndi "category". M'Chipwitikizi amati "classe" kapena "qualidade".

Alimi a fodya a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde amaidziwa bwino nkhaniyi. Giredi ya tsamba imatengera pamene linali pamtengo, pansi, pakati kapena kunsonga, kenako maonekedwe ake, kutalika kwake, ndi ngati lili long'ambika, la mawanga kapena la nkhungu. Belo losakaniza masamba a magulu osiyana kawirikawiri limagulidwa pa mtengo wotsika kapena kubwezedwa kumene kuti mukasankhenso. Pa thonje magulu ndi awiri: limene kuno timati la "primeira" ndi la "segunda", ku Malawi amati "Grade A" ndi "Grade B". Mbatatesi ya ku Tsangano nayo amaisankha potengera kukula kwake.

Liwuli limakhalanso mneni. "To grade" ndi kusankha ndi kuika m'magulu, ndipo lofanana nalo ndi "classify" kapena "sort". Ntchitoyo ndi "grading", woigwira ndi "grader". Pa kapepala ka msika mungapezenso awa: "ungraded", zosasankha, "mixed", zosakaniza, "downgraded", zatsitsidwa gulu, "upgraded", zakwezedwa gulu, "off-grade" kapena "reject", zosafika pa gulu lililonse logulika.

Chenjerani ndi liwu lathu lakuti mtundu, chifukwa limanyamula zinthu zitatu zimene Chingerezi chimazilekanitsa. Mtundu wa mbewu yobzala ndi "variety". Mtundu wa maonekedwe ndi "colour". Giredi ndi ubwino wa zimene mwakolola. Mbewu ya "variety" yabwino ikhoza kutuluka giredi yotsika ngati yanyowa m'chigafa kapena yafumbwa m'nkhokwe.

2. Giredi ya feteleza

Pa thumba la feteleza, "grade" sanena zakuti uyu ndi wabwino kuposa uyo. Ndi manambala atatu osonyeza chakudya cha mbewu chimene chili m'thumbamo. Mawu ofanana nalo ndi "analysis" ndi "formulation". Nambala yoyamba ndi nayitirojeni, wokulitsa masamba ndi phesi. Yachiwiri ndi fosifeti, wothandiza mizu. Yachitatu ndi potashi, wolimbitsa mbewu ndi kukhwimitsa zipatso. Nambala iliyonse ndi makilogalamu pa makilogalamu 100 a feteleza, ndiye pa thumba la makilogalamu 50 ingogawani nambalayo pawiri.

Tione zitsanzo. Thumba la 12-24-12, lomwe ndi lofala kuno kwathu, lili ndi makilogalamu 6 a nayitirojeni, 12 a fosifeti ndi 6 a potashi. Thumba la 23:21:0+4S la ku Malawi lili ndi makilogalamu 11 ndi theka a nayitirojeni, 10 ndi theka a fosifeti, mulibe potashi, ndipo 4S yo ndi makilogalamu 2 a salufa. Yureya ali ndi nayitirojeni yekha, 46 peresenti, kutanthauza makilogalamu 23 m'thumba.

Dzina lokha lisakupusitseni. Feteleza wotchedwa D Compound ku Zambia ndi 10-20-10, pomwe wa dzina lomweli ku Malawi, amene amathira ku fodya, ndi 8:18:15. Dzina ndi limodzi, koma potashi wake ndi wosiyana kwambiri. Poyerekeza mitengo ya mbali ziwiri za malire, yerekezani manambalawa, ndipo muyezo wothira pa phando funsani mlangizi wa kwanu mutamuonetsa thumba lenilenilo.

3. Giredi ya katundu wa m'sitolo

Pa oyilo wa injini, giredi ndi kulemera kwa oyiloyo, kapena kuti kukhuthala kwake. SAE 40 ndi wokhuthala kuposa SAE 30, koma sikuti ndi wabwino kuposa mnzakeyo. Wabwino ndi amene walembedwa m'buku la njinga yanu, la pampu yothirira kapena la injini ya chigayo. Pa oyilo wa manambala awiri, monga 20W-50, nambala yoyamba ikunena za injini ikazizira, yachiwiri ikatentha.

Pa simenti, nambala yayikulu ndiye mphamvu zambiri: wa 42.5 amalimba kuposa wa 32.5 akayezedwa patatha masiku 28. Chimodzimodzinso mabawuti: lolembedwa 10.9 pamutu ndi lolimba kuposa la 8.8.

Palinso pamene "grade" amabwera pambuyo pa liwu lina posonyeza ntchito imene chinthu chikuyenera. "Food grade" ndi choyenera kukhudzana ndi chakudya cha anthu, monga ndowa ya mkaka kapena chigubu cha madzi akumwa. "Feed grade" ndi cha ziweto, sichinapangidwire anthu. "Industrial grade" ndi "technical grade" ndi za kufakitale. Chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo sichisanduka "food grade" chifukwa choti chatsukidwa.

4. Giredi ya kusukulu

Pano pali matanthauzo awiri. Loyamba ndi kalasi. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe makalasi a pulayimale amawatchula "Grade", ku Malawi amati "Standard", kuno timati "classe". Mawu ofanana nalo ndi "class", "year" ndi "level".

Lachiwiri ndi mmene mwana wakhozera mayeso, lomwe limafanana ndi "mark", "score" ndi "result", kapena "nota" m'Chipwitikizi. Apa mpamene makolo ambiri amasokonezeka. Kuno timawerenga kuyambira 0 mpaka 20, wokhoza amayambira pa 10, ndipo nambala ikamakula ndiye kuti zili bwino. Pa mayeso a MSCE a ku Malawi makwerero ndi otembenuka: 1 ndiye wopambana kwambiri, 9 ndi kulephera. Mwana akabwera ndi 2 pa satifiketi imeneyo, musamukalipire, mumuphere nkhuku.

Azungu akanena kuti munthu kapena chinthu chalephera "to make the grade", akutanthauza kuti sichinafike pa muyezo wofunika.

5. Giredi ya msewu

"Grade" ndi kutsetsereka kwa msewu kapena kwa malo, makamaka m'Chingerezi cha ku America. Ofanana nalo ndi "slope", "gradient" ndi "incline". Chikwangwani cholembedwa 10% chikutanthauza kuti pa mamita 100 aliwonse msewu ukukwera kapena kutsika mamita 10. "To grade a road" ndi kupala ndi kusalaza msewu wafumbi, ndipo makina ake ndi "grader", gireda ija imabwera mvula ikatha, yomwe m'Chipwitikizi ndi "niveladora". Motero "grader" akhoza kukhala munthu wosankha fodya kapena makina a pamsewu. Nkhani imene ikukambidwa ndi imene imakuuzani.

"Grade" wa Chipwitikizi ndi wina

Liwu la Chipwitikizi limatchulidwa kuti gra-di, ndipo linachokera ku liwu lina la Chilatini, "cratis", lonena za zinthu zoluka kapena zopingasa. Kumunda, "grade" ndi chipangizo chokokedwa ndi thirakitala kapena ng'ombe chophwanyira zibuma mukatha kulima, ndipo ntchitoyo ndi "gradagem". M'Chingerezi chipangizochi ndi "harrow". Kusitolo, "grade" ndi kireti ya zakumwa, "crate" m'Chingerezi. Panyumba ndi zitsulo zotchinga pazenera.

Ndiye mukapita kwa mwini thirakitala wa tsidya linalo n'kumuuza m'Chingerezi kuti mukufuna "grading", angaganize kuti mukufuna kusalaza malo kapena kusankha mbewu. Liwu loyenera ndi "harrowing", kapena ingonenani m'Chichewa kuti mukufuna kuphwanya zibuma, popeza chilankhulochi timamvana mbali zonse ziwiri.

Zoyenera kukumbukira

Pa fodya, thonje ndi mayeso a MSCE, woyamba ndiye wapamwamba. Pa simenti ndi mabawuti, nambala yayikulu ndiye yolimba. Pa feteleza ndi oyilo, nambala ikungokuuzani zimene zili mkatimo, ndipo yabwino ndi imene ikugwirizana ndi munda wanu kapena injini yanu. Wogula mbewu akalemba giredi pa kapepala kanu, mufunseni kuti magiredi onse ndi angati, yanu ili pati, ndipo mtengo wa iliyonse ndi wotani, musanasayine kapena kudinda chala.