Za Nyimbo za Uthenga Wabwino za Kumwera kwa America

Nyimbo zochedwa Southern Gospel zinabadwira m'midzi ya kumwera kwa United States, makamaka pakati pa Azungu olima thonje. Mbiri yace ionetsa m'mene mpingo woimba ungasandukire khamu longomvetsera.

Poyamba kuimba kunali nchito ya mudzi wonse. Nchito ya kumunda ikacepa, mphunzitsi woyendayenda ankatsegula sukulu ya nyimbo kwa masabata owerengeka. M'mabuku ao, liu liri lonse la do, re, mi, kufikira asanu ndi awiri onse, linali ndi cizindikiro cacecace, cina cozungulira, cina ca ngodya zitatu. Motero mlimi wosaphunzira kweni-kweni anakhoza kuimba nyimbo imene sanaimvepo.

Wina wosindikiza mabuku otere anali James D. Vaughan wa ku Lawrenceburg, m'cigawo ca Tennessee. M'caka ca 1910 iye analemba nchito amuna anai kuti aziyendera mipingo, kuimba nyimbo zatsopano ndi kugulitsa mabuku. Ici ndico ciyambi ca magulu a oimba anai, ndipo tizindikire kuti amunawo anatumidwa kukautsa cilakolako ca kuimba mwa anthu wamba. M'caka ca 1922 Vaughan anatsegulanso nyumba ya wailesi yochedwa WOAN.

Wailesi ndiyo inatembenuza zinthu. V. O. Stamps, amene kale anagwira nchito kwa Vaughan, anayamba kuulutsa gulu lace pa KRLD ku Dallas m'caka ca 1936, ndipo alimi ankalimvera masana popumula. Gulu la Blackwood Brothers, lokhazikitsidwa ku Mississippi mu 1934, linachuka pa KMA ku Iowa. Ndipo Hovie Lister anayambitsa Statesmen ku Atlanta mu 1948. Tsono anthu anafuna dzina la woimba koposa buku la nyimbo.

M'caka ca 1954 a Blackwood anapambana mpikisano wa Arthur Godfrey pamaso pa dziko lonse. Koma pa 30 June caka comweco ndege yao inagwa ku Clanton, Alabama, nafa R. W. Blackwood ndi Bill Lyles. Otsalawo anapitiriza, ndipo mu 1957 James Blackwood ndi J. D. Sumner, pamodzi ndi Cecil Blackwood, anayambitsa msonkhano waukulu wa oimba ku Memphis, kumene zikwi za anthu zinalipira ndarama kuti zimvetsere.

Tisanyoze wailesi, pakuti inafikitsa citonthozo kwa odwala ndi okhala kutali. Komabe masukulu a nyimbo a m'midzi anacepa pamene oimba ochuka anacuruka. Mphunzitsi aganizire bwino ici: mwana wongomvera nyimbo aisangalalira tsiku limodzi, koma amene waphunzira kuiwerenga adzaiphunzitsa adzukulu ace.