Njira zothandizira odwala glaucoma

Glaucoma ndi nthenda yomwe imawononga mtsempha wotumiza uthenga kuchokera m'diso kupita ku ubongo, kawirikawiri pamene madzi am'diso aunjikana n'kumaupanikiza. Kuona komwe kwatayika sikubwereranso. Chithandizo chimangoteteza komwe kwatsala.

Odwala ambiri amayamba ndi mankhwala odontheza m'maso monga timolol ndi latanoprost, tsiku ndi tsiku kwa moyo wonse. Apa mpomwe pamavuta, chifukwa kawirikawiri diso silipweteka, ndiye ena botolo likatha amangosiya. Timolol ndi woopsa kwa odwala mphumu.

Kafukufuku wochitikira ku Moshi m'dziko la Tanzania, yemwe adatuluka mu 2021, adapeza kuti chithandizo cha laser chimatsitsa kupanikizako kuposa timolol. Zonsezi zikakanika, madokotala amachita opaleshoni ya trabeculectomy yotsegulira madziwo njira yotulukira.