Kabudula Amene Adafika Kubwalo la Milandu

Pa 27 Okutobala 1898, mayi wina wolemekezeka wa ku England, Lady Harberton, adatsika pa njinga yawo pakhomo pa hotela ya Hautboy m'mudzi wa Ockham, m'dera la Surrey, napempha chakudya chamasana. Woyang'anira hotelayo, Mayi Martha Sprague, atawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, adakana kuwalowetsa m'chipinda chodyeramo alendo. M'malo mwake adawalozera chipinda china kumene amuna ankamwerako mowa ndi kusuta fodya. Mlendoyu sadaledzere, ndalama adali nazo, ndipo ulemu sunkawasowa. Cholakwa chawo chidali chimodzi: sadavale siketi koma kabudula wotakasuka womangidwa m'munsi mwa maondo.

Chovala chimenechi amuna adachidziwa kale. Dzina lake m'Chingerezi ndi knickerbockers, ndipo lidachokera m'buku lanthabwala lonena za mbiri ya New York limene Washington Irving adalemba mu 1809 podzitcha Diedrich Knickerbocker. Zithunzi zimene zidajambulidwa pambuyo pake m'bukulo zinkaonetsa Adatchi akale atavala akabudula ofufuma ofika m'maondo, choncho dzina la mlembi wongopekayo lidamatirira pa chovalacho. Okwera njinga adachikonda pa chifukwa chodziwika kwa aliyense amene adapalasapo njinga atavala buluku. Tcheni imakhala kudzanja lamanja, yopakidwa girisi, ndipo mwendo wa buluku ukalendewera umada, mwinanso umakodwa pakati pa tcheniyo ndi mano a gudumu loizungulitsa. Kabudula wothera m'munsi mwa bondo alibe vuto limeneli. Bondo limapindika momasuka, ndipo katumba amatetezedwa ndi sokosi yayitali.

Ngati buluku linkavuta chotere, nanga siketi? Mayi wa ku Ulaya wa zaka zimenezo ankavala siketi yokhwekhwereza pansi, mapitikoti angapo m'kati mwake, ndiponso chomangira chothina cholimbitsidwa ndi tizitsulo chimene chinkafinya nthiti ndi chiuno. Kulemera kwa zovalazi kungadziwike ndi pempho la bungwe la Rational Dress Society, limene Lady Harberton adathandiza kukhazikitsa ku London mu 1881. Bungwelo linkati zovala zam'kati za mayi zisapitirire mapaundi asanu ndi awiri, omwe ndi makilogalamu atatu ndi pang'ono. Ngati amenewa adali malire amene ofuna kusintha zinthu ankapempha, ndiye kuti amayi ambiri ankasenza zoposa pamenepo tsiku ndi tsiku.

Kudandaula za mtolo umenewu sikudayambe ndi njinga. Mu 1851, Elizabeth Smith Miller adafika m'tauni ya Seneca Falls ku America atavala diresi lofika m'maondo ndi buluku lotakasuka lomanga mu akakolo. Amelia Bloomer, mkonzi wa nyuzipepala ya amayi yotchedwa The Lily, adachita nacho chidwi chovalacho, adayamba kuchivala ndi kuchiyamikira m'nyuzipepala yawo, mpaka anthu adachitcha dzina lawo ngakhale sadachiyambitse ndi iwo. Koma chitonzo chidakula kwambiri. Omenyera ufulu wa amayi, monga Elizabeth Cady Stanton ndi Susan B. Anthony, adaona kuti pamisonkhano anthu ankangoyang'ana miyendo yawo osamvera mawu awo, ndipo patangopita zaka zochepa adabwerera ku masiketi aatali.

Chimene mawu adalephera, makina adachichita. Njinga za m'zaka za m'ma 1870 zidali ndi gudumu lalikulu kutsogolo ndi kakang'ono kumbuyo, ndipo wokwera ankakhala pamwamba zedi moti kugwa kwake kudali koopsa. Mu 1885, John Kemp Starley wa ku Coventry adatulutsa njinga ya Rover yoyendera tcheni, ya magudumu osasiyana kwenikweni kukula kwake, yomwe ndi kholo la njinga zamasiku ano. Mu 1888, John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, adawonjezapo tayala lopopa mpweya. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1890, njinga idali ponseponse m'mizinda ya Ulaya ndi America, ndipo mtsikana ankatha kupita kuntchito kapena kukacheza popanda ngolo, hatchi kapena womuperekeza. Siketi yokha ndiyo idatsala pakati pa iye ndi msewu, pakuti inkakulungika m'masipoko ndi m'tcheni n'kumugwetsa, ndipo mphepo ikaomba inkakhala ngati thanga la bwato.

M'mwezi wa Seputembala 1893, Tessie Reynolds, mtsikana wa zaka 16 wa ku Brighton, adapalasa njinga yachimuna kupita ku London ndi kubwerako, mtunda woposa makilomita 160, m'maola pafupifupi asanu ndi atatu ndi theka. Adavala jekete lalitali ndi kabudula wa m'maondo. Nyuzipepala zambiri zidasiya kukamba za liwiro lake n'kumakangana za miyendo yake. Amayi ena ovala chotere ankatukwanidwa m'misewu ndi kugendedwa miyala ndi matope. Mu 1897, pamene yunivesite ya Cambridge inkaponya voti ngati amayi angalandire madigiri, ophunzira aamuna adapachika pawindo chidole cha mkazi wokwera njinga atavala kabudula ameneyu. Iwo adazindikira bwino lomwe kuti mkazi wa pa njinga ndi mkazi wofuna digiri adali munthu mmodzi. Votiyo idakana amayi, ndipo madigiri enieni a Cambridge adadzawalandira mu 1948.

Ena adasankha kuzemba mkangano m'malo molimbana nawo. Mu 1895, Alice Bygrave, telala wa ku London, adalembetsa kuboma luso lake la siketi yokhala ndi zingwe zobisika m'misoko. Mwiniwake akakwera njinga ankakoka zingwezo kuti siketi ikwere, ndipo akatsika ankazimasula n'kuoneka ngati mayi wina aliyense.

Nkhani ya ku Ockham idafika kubwalo la milandu mu Epulo 1899, bungwe la okwera njinga la Cyclists' Touring Club litasumira Mayi Sprague kuti adaphwanya lamulo lokakamiza eni mahotela kulandira apaulendo. Bwalo lidawapeza osalakwa, chifukwa sadakane kupereka chakudya koma adangosankha chipinda choti mlendo adyeremo. Pa lamulo chigamulochi chidali ndi maziko, ngakhale aliyense ankadziwa chimene chidasankhitsa chipindacho. Amayi ambiri a ku England adapitiriza kupalasa atavala masiketi ofupikirako, ndipo buluku lidadzazolowereka pang'onopang'ono amayi atalowa m'mafakitale pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Ku Malawi nkhaniyi si yachilendo, pakuti lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mabuluku pagulu mpaka pamene lidathetsedwa pa kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994.

Kabudula wa m'maondo adazilala kwa nthawi yaitali. Ochita mipikisano adasamukira ku akabudula othina, makamaka nsalu yotanuka ya Lycra itapangidwa ndi kampani ya DuPont mu 1958. Koma chovala chothina chotere sichiyenera mu ofesi, m'sitolo kapena m'nyumba yodyera, ndipo anthu a m'mizinda atayambanso kupita kuntchito pa njinga m'zaka za m'ma 2000, atelala adakumbukira chovala chakale chija. Chamakono chimasokedwa ndi nsalu yotanuka pang'ono, chimakwera kumbuyo kuti msana usaonekere munthu akawerama, ndipo pakati pa miyendo amaikapo chigamba kuti msoko usakhule khungu pa chishalo. Amavala amuna ndi amayi omwe. Ku Netherlands, kwawo kwa makolo a Adatchi a m'buku la Irving, adatsata njira ina: adaveka njinga m'malo mwa munthu. Tcheni adaitsekera m'chikuto, gudumu lakumbuyo adaliphimba m'mbali, ndipo anthu a ku Amsterdam amapalasa atavala suti kapena diresi.