Dzina la Wiese linachokera kudambo

Lero tikambeko za dzina lachilendo lomwe silimvekamveka kuno, koma lili m'mbiri ya Tete. Dzinalo ndi Wiese.

M'Chijeremani, Wiese ndi dambo la msipu. Kalekale ku Germany munthu ankakhala ndi dzina limodzi basi. Cha m'ma 1200 mpaka 1500 anthu atachuluka, anayamba kuwonjezera lachiwiri. Ena anatengera ntchito, monga Müller wogaya tirigu, ena pomwe amakhala. Womanga pafupi ndi dambo ndiye anadzakhala Wiese.

Kuno dzinali linabwera ndi Carl Wiese, wamalonda a minyanga amene ankakhala ku Tete. Mkuluyu anazolowerana ndi Mpezeni, mfumu ya Angoni, mpaka anatenga chikalata chokumbira migodi m'dziko lake. Chikalatacho chinathera m'manja mwa kampani ya Angelezi, North Charterland, mu 1895. Mu 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoniwo, kulanda ng'ombe, n'kupha Nsingo mwana wa Mpezeni.

Ine ngati mlimi nkhaniyi imandipweteka. Malo anayamba kupita ndi pepala, mfuti zinabwera pambuyo. Abale anga, tisamadinde chala pa chikalata cha munda tisanachimvetse bwinobwino.